Munthu Wosalembedwa M'buku

Amuna anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo amadwala khunyu. Amamwa kapiritsi koyera kamodzi m'mawa, kena madzulo. Akaphonya kawiri timayamba kuchita mantha. Akaphonya katatu matendawo amabwera motsatizana, osawapatsa mpata wopuma, ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti zikatero akhoza osadzukanso.

Lachisanu sanabwere kunyumba. Loweruka m'mawa mwini sitolo anandiuza kuti anagwa pamsewu pochokera kogula ulusi, ndipo apolisi oyendera anawanyamula ngati chidakwa. Ndinaika m'chikwama botolo la mankhwala, fulasiki ya tiyi ndi buledi. Pamene ndinkafika kupolisi anali ataphonya kale kawiri.

Pakauntala panali sajenti wathupi, ndipo pambali pake panakhala wapolisi wamkazi wowonda, wa yunifolomu yatsopano. Pakati pawo panali buku lalikulu la chikuto chakuda.

"Ndadzaona amuna anga, bwana. Osoka nsapato. Anagwidwa dzulo masana."

Sajenti anatsegula bukulo nayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Muno mulibe munthu wotero, mayi."

Kuseri kwa kauntala kunali mulu wa nsapato ndi malamba a anthu otsekeredwa. Pamwamba penipeni panali nsapato zofiirira zosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Amuna anga ulusi wakuda amausungira makasitomala, zawo amasokera uliwonse wotsala.

"Koma nsapato zawo ndi izo, bwana."

"Nsapato ndikuziona. Munthu sindikumuona. Buku silinama."

"Amadwala khunyu. Chonde, ingowapatsani mankhwalawa."

"Ndipatse ndani? Mphepo?" Anatsitsa mawu natchula ndalama imene ife sitinaigwirepo m'manja nthawi imodzi. "Kaganizeni pabenchipo."

Pabenchi panali podzaza, koma mayi wina wogulitsa nthochi anasendera nanyamula beseni lake pamiyendo kuti ndikhale. Anati mwana wake wamwamuna amagona muno pafupipafupi, moti amadziwa zonse.

"A sajenti amenewo timawatchula kuti a Kenakake," anandinong'oneza. "Mvetserani, asisi. Munthu wosalembedwa m'buku amatuluka mukapereka kenakake. Akangolembedwa, basi, ndi wa kukhoti. Ndiye pempherani kuti cholembera chisawakhudze amuna anuwo. Kafuneni ndalama."

Ndinaimbira alamu anga, foni inangolira. Mwini sitolo anati ndidikire kutha kwa mwezi. Mkulu wa kutchalitchi anali kumaliro kutali, anangoti andikumbukira m'pemphero. Ndinabwerera kukauntala ndi kandalama kamene ndinali nako, ndi foni yanga pamwamba. Sajenti anaitembenuza ndi chala chimodzi.

"Iyi ngakhale wakuba akhoza kukubwezerani."

Wapolisi wina amene ankadutsa anaseka. Wamkazi uja sanaseke, anangoyang'ana chikuto cha buku.

Ndinakhalanso pabenchi ndikuyang'ana wotchi yapakhoma. Mayi wa nthochi anasenda imodzi nandigwiritsa m'manja. Sindine munthu wa mapemphero ataliatali. Ndinkangobwereza mumtima kuti, Ambuye, mukuona.

Itangopitirira wani koloko tinamva chitseko chachitsulo chikumenyedwa chamkati, otsekeredwa akukuwa.

"Bwana! Wagwanso uyu! Bwana!"

Ndinapezeka ndagwada pasimenti, botolo lili m'manja. Sindikumbukira zonse zimene ndinanena. Ndikumbukira kuti ndinamutchula sajentiyo kuti bambo anga.

"Ndi mowa ukutuluka umenewo," anatero. Anatenga chipewa chake napita kukadya.

Phokoso la mkati linatha. Kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa phokoso. Ndinatuluka kukaima pampopi wa kuseri chifukwa sindinafune kulira pamaso pa anthu. Posakhalitsa wapolisi wamkazi uja anabwera ndi kapu, nayamba kuitsuka ngakhale inali yoyera.

"Akupuma," anatero osandiyang'ana. "Ndasuzumira."

"Mulungu akudalitseni, achemwali."

"Musandidalitse, mayi. Ndinalipo dzulo. Sankanunkha mowa, ndinaona, koma ndinakhala chete. Akuphupha, mwendo wawo unamenya mnzanga pakamwa, ndiye anzanga anakwiya." Anatsukanso kapu ija. "Kusukulu ya apolisi tinakhala miyezi isanu ndi umodzi. Kuguba, kupukuta nsapato, kumasula mfuti. Za khunyu palibe anatchulapo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinkaganiza kuti munthu wotero umamuthira madzi."

"Ndichite chiyani?"

"Wolembedwa m'buku amalandira mankhwala, ndipo akadwala timayenera kupita naye kuchipatala, chifukwa akafa amafunsidwa ndi amene anasaina. Wosalembedwa alibe womufunsa. Koma akalembedwa, mlandu wawo ukhala womenya wapolisi. Ine pandekha sindingalembe. Mukapempha mokweza, anthu akumva, a sajenti sangakane."

Anakhuthula madzi nabwerera mkati. Ndinatsala ndikuganiza za khoti, za lendi, za ana awiri amene ndinawasiya kwa aneba. Ndinaganizanso za mawu a adokotala. Dzuwa linali litayamba kupendeka.

Sajenti anabwera akutokosa m'mano. Ndinaima pakati pa chipinda.

"Bwana, alembeni amuna anga m'buku."

Mayi wa nthochi anandikoka siketi. "Asisi, mwapenga? Khalani pansi!"

"Mwati chiyani?" anafunsa sajenti.

"Ali mkatimo kuyambira dzulo masana. Nsapato zawo ndi izo. Alembeni."

"Mayi, ine ndimafuna kukuthandizani. Mukudziwa kuti kumenya wapolisi munthu amakaseweza zaka?"

"Kundende ndikhoza kumakawaona, bwana."

Anayang'ana anthu apabenchi, anthu nawonso anamuyang'ana. Bambo wina wachikulire anatsokomola. Sajenti anaponya cholembera patsogolo pa wamkazi uja.

"Lemba, iwe wasukulu. Ulembe kuti wabwera lero."

Ndinatchula dzina lawo lonse, zaka zawo ndi ntchito yawo. Pofika pa tsiku mtsikanayo anaima pang'ono, kenaka analemba Lachisanu. Sajenti anaona, nsagwada zake zinagwedezeka, koma inki inali italowa kale m'pepala.

"Chabwino," anatero. "Poti mumakonda malamulo, tiyeni titsate malamulo. Chilichonse cholowa mkati, wobweretsa alawe."

Ndinamwa tiyi pang'ono. Ndinanyema buledi ndikutafuna.

"Ndi mankhwalawo."

"Bwana, amenewo ndi..." anayamba wamkazi uja.

"Ndati chilichonse. Ndidziwa bwanji kuti si poizoni? Akazi ena amatopa nawo amuna awo."

Ndinatsegula botolo, ndinaika kapiritsi kamodzi palilime ndikumeza popanda madzi. Kanali kowawa. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikuwapatsa mankhwala amenewa osadziwa kuti amawawa chonchi, ndipo iwo sanadandaulepo.

Anandilola kufika pachitseko chachitsulo. Kudzera pakabowo ka mawaya ndinawaona atagona cham'mbali pasimenti, mutu uli pa malaya opindidwa. Mwini malayawo, bambo wa zipsera kumaso, anakhala pafupi nawo chifuwa chili pamtunda.

"Tawagoneka chonchi kuti asatsamwe, mayi," anatero. "Mlongo wanga amadwala omwewa. Ife akuba timadziwako zina."

Anawadzutsa pang'onopang'ono. Wapolisi wamkazi anagwada nawamwetsa kapiritsi ndi tiyi. Ndinayang'anitsitsa pakhosi pawo mpaka ndinaona kuti ameza. Mlomo unali wotupa, lilime lolumidwa. Atandizindikira anayesa kukhala tsonga.

"Mayi a ana," anatero movutikira, "nsapato za aphunzitsi zija ndinalonjeza lero."

"Adikira," ndinayankha. Sindinawauze kuti Lolemba akaima pamaso pa woweruza, ndiponso kuti ndine amene ndawapereka.

Pobwerera kukauntala ndinapeza wamkazi uja akumangirira kapepala pa nsapato za ulusi wobiriwira. Analembapo nambala ya m'buku naziika pashelefu, padera ndi mulu uja. Sajenti sankamulankhula. Ndinadziwa kuti mtsikanayo akhala ndi masiku ovuta muno, ndipo ndinalibe chomupatsa. Ndinamusiyira botolo la mankhwala.

"Kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo," ndinatero.

"Mawa ndili pantchito mpaka madzulo," anayankha. "Za Lolemba sindikudziwa."

Panja kapiritsi kaja kanayamba kugwira ntchito. Msewu unkapendama, miyendo inalemera. Ndinakhala pamasitepe kuti chizungulire chithe. Mayi wa nthochi anatuluka, beseni lili pamutu, nandiyang'ana akupukusa mutu.

"Mwalakwitsa, asisi. Khoti si masewera."

Anatula beseni nakhala pambali panga, nakokera mutu wanga paphewa pake. Wake mwana anali akadali mkati, wosalembedwa. Ndinayamba kumupempherera mwanayo, ndi amuna anga, ndi mtsikana wa cholembera uja, koma tulo tinanditenga ndisanafike pa Lolemba.