Lombe Watuluka, Mwana Ali ku Lilanda

Lombe anatuluka m'ndende Lachiwiri m'mawa, atakhalamo zaka zitatu. Pachipata panalibe womudikira. M'kathumba kake kapulasitiki munali zitenje ziwiri ndi pepala lotsimikiza kuti anaphunzira kusoka ali m'ndendemo. Anakwera minibasi ya ku tauni, kenako ina ya ku Lilanda. Kumeneko kunkakhala mkulu wake Maud, amene ankalera Tiza, mwana wa Lombe.

Tiza anali ndi zaka zitatu pamene amayi ake ankamangidwa. Bambo ake anali atachoka kale mwanayo asanayambe kuyenda, ndipo sanamvekenso.

Maud atamuona Lombe akubwera, anatuluka msanga n'kutseka geti kumbuyo kwake.

"Ba Maud, nabwela," anatero Lombe. "Tiza ali kuti?"

"Ali ku sukulu. Mvela, Lombe. Mwana tinamuuza kuti amai bake bali ku Ndola, basebenza nchito kuja. Ine amaniitana mami. Usamusokoneze."

"Koma ni mwana wanga."

"Ni wako, inde. Nanga pamene unatema mzimai uja na njelwa pa pompi, mwana anali kuti? Anali kumsana kwako. Mtima wako niuziba. Siningakupatse mwana."

Zinali zoona. Tsiku limenelo Lombe anakangana ndi mayi wina pamzere wotungira madzi, anatola njerwa, ndipo mayiyo diso lake limodzi silinaonenso. Maud analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi buledi ndi kapaketi ka shuga. Anamupatsira pamwamba pa geti.

Lombe anapita ku Kanyama, kumene ankakhala kale. M'chipinda chake chakale munali anthu ena. Mwini nyumba anamumvera chisoni n'kumulola kugona m'kachipinda kosungiramo makala, bola azisesa pabwalo ndi kuchapa. Inali nyengo ya mvula. Madzi ankalowa pansi pa chitseko, ndipo mphasa ankaiyala pamwamba pa matabwa.

Anthu a pamalopo sanamuiwale. Akafika pa pompi, amayi ankasiya kucheza n'kusendeza zidebe zawo. Kutchalitchi anakhala pabenchi yakumbuyo masabata awiri, ndipo palibe amene anam'patsa moni, choncho anasiya kupita. Masiku ena dzuwa linkalowa asanalankhule ndi munthu aliyense.

Lachisanu lililonse ankayenda wapansi mpaka ku Lilanda. Ankaima kuseri kwa kagolosale koyang'anizana ndi sukulu, kudikira kuti ana aweruke. Tiza anali atatalika, ndipo mano awiri akutsogolo anali atachoka. Tsiku lina mwanayo anadutsa pafupi kwambiri, Lombe n'kulephera kudzigwira.

"Tiza, uli bwanji?"

Mwanayo anaima n'kumuyang'ana. "Nili bwino, anti," anatero mwaulemu, n'kuthamangira anzake.

Lombe anayenda njira yonse yobwerera ku Kanyama akulira. Pofika kunyumba anali ataganiza chochita. Lachisanu lotsatira akamutenga mwanayo pageti la sukulu, akwere naye basi yopita ku Kasama, kwawo kwa malemu amayi ake, ndipo asadzabwererenso. Ndalama ya ganyu yochapa anagulira kadiresi kofiira pa salaula, pogulitsira zovala zovalidwa kale. Anakachapa n'kukayanika pachingwe.

Nyumba yoyandikana nayo inali ya a Thuwaiba, mayi wachikulire wa chipembedzo cha Chisilamu, amene makolo ake anachokera ku Malawi. Ankagulitsa zitumbuwa pamsewu. Lombe ankawazemba, chifukwa ankawadziwa. Mwezi uliwonse a Thuwaiba ankabwera kundende ya amayi ndi anzawo ena ongodzipereka, atanyamula sopo ndi mafuta odzola. Anali atamuona Lombe atavala yunifomu ya akaidi, ndipo Lombe ankachita manyazi.

Masana amenewo a Thuwaiba anaima pampanda n'kuyang'ana chingwe.

"A Lombe, kadiresi aka n'ka ndani? Pano palibe mwana."

Panali patadutsa masabata ambiri munthu asanamufunse Lombe funso lililonse. Anayamba kuyankha pang'ono, kenako anangomasuka n'kunena zonse, za geti la Maud, za kagolosale, za basi ya ku Kasama.

A Thuwaiba anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa, "Ndiye mukamugwira dzanja pageti la sukulu, iye adzatani?"

Lombe anayang'ana kadiresi kaja pachingwe.

"Adzakuwa," anatero a Thuwaiba. "Kwa iye ndinu mlendo. Aphunzitsi adzaitana apolisi, ndipo inu mwangotuluka kumene. Mwina nkhaniyo idzatha bwino, poti mwana ndi wanudi. Koma mwanayo adzakumbukira kuti tsiku loyamba kukudziwani munam'koka akulira."

"Manje nichite chani? Nilibe muntu. Ba Maud sibafuna kunimvela."

"Inu sangakumvereni, koma pali anthu amene ntchito yawo n'kulankhula m'malo mwa munthu wotuluka m'ndende. Sopo uja tinkabweretsa ndi kachigawo kochepa chabe. Bungwe lathu limathandizanso amene atuluka. Mawa ndikatha kukazinga, tipite limodzi."

"Balipilitsa?"

"Ayi. Mumangopita."

Bungwelo linkatchedwa Tiyambirenso, ndipo ofesi yake inali zipinda ziwiri kuseri kwa holo ina ku Matero. M'chipinda chimodzi munali makina anayi osokera. M'chinacho munali a Cephas, bambo amene anapuma pantchito ya uphunzitsi n'kuphunzira uphungu. Anamupatsa Lombe mpando ndi tiyi. Sanamufunse kuti analakwa chiyani. Lombe ananena yekha.

"Mwachita bwino kubwela musanapite ku sukulu kuja," anatero a Cephas. "Kunkhala mu jele sikuchotsa umai wanu. Koma ba Maud nabo bali na chifukwa choopela. Ise sitilanda mwana kwa muntu, ndipo sindise khoti. Nizapita kukakamba nabo. Vikakanga, tizapita pamozi ku ofesi ya boma yoona za bana, baja ndiye bali na mphamvu. Koma tiyambe taesa kukambilana."

"Vizatenga masiku angati?"

"Siniziba. Kapena mwezi, kapena itatu. Pa nthawi iyi musapite ku sukulu kuja. Muzikwanitsa?"

Lombe anapukusa mutu, kenako anavomera.

A Cephas anamuuza kuti Lachinayi lililonse amayi otuluka m'ndende amakumana pamalopo kukambirana za moyo wawo, makamaka za mkwiyo ndi mmene munthu angaugwirire. Ataona pepala lake la zosoka, anamulembetsa kuti azigwiritsa ntchito makina amodzi masiku atatu pasabata.

Masabata otsatira anali olemera kuposa oyamba aja. Lachisanu likafika, miyendo inkafuna kupita ku Lilanda, koma Lombe ankakhala pamakina n'kumasoka mayunifomu a ana a anthu ena. Ulendo woyamba a Cephas atapita kwa Maud, sanalowe n'komwe pageti. Ulendo wachiwiri Maud anawamvetsera ataima, n'kunena kuti aganiza. Lombe atamva, sanadye tsiku limenelo.

Kugulu la Lachinayi ankakhala pakona osalankhula. Tsiku lina mayi wina, dzina lake Salome, anafotokoza kuti iye mkwiyo ukamabwera amaumva poyamba m'manja, manja amatentha. Akangomva choncho, amasiya chilichonse chimene wanyamula n'kuchokapo. Lombe anadabwa, chifukwa nayenso zinkamuyambira m'manja. Tsiku limenelo analankhula koyamba. Patapita masabata awiri, mothandizidwa ndi a Cephas, analemba kalata yopepesa kwa mayi amene anamuvulaza uja. Yankho silinabwere, ndipo a Cephas anamuuza kuti mayiyo ali ndi ufulu wosayankha.

M'mawa wina pa pompi, mayi wina anakankha chidebe cha Lombe ndi phazi.

"Imwe ba jele muzitapa pa lasti," anatero mokweza. Ena anaseka.

Manja a Lombe anatentha. Pafupi ndi phazi lake panali miyala. Anasiya chidebe pomwepo, anapinda manja pachifuwa, n'kuyenda mpaka kunyumba osatembenuka. Anakhala pamatabwa ake. Patapita kanthawi a Thuwaiba anagogoda, atanyamula chidebe chija chodzaza madzi.

"Ndaona zonse," anatero. "Kodi mundilola ndikawauze akulu anu zimene ndaonazi?"

Lombe anavomera. A Thuwaiba anapita ndi a Cephas ku Lilanda, ndipo ulendo umenewu Maud anawalowetsa m'nyumba. Patatha miyezi iwiri ndi theka chitulukire Lombe, Maud anabwera ku Matero.

Anakhala moyang'anizana, a Cephas ali pakati. Lombe anali atakonzekera mawu ambiri, koma atamuona mkulu wake ataonda, imvi zitayamba, ananena zina.

"Ba Maud, zikomo. Mwana wanga ni wonenepa, ali pa sukulu, ali na ulemu. Ni imwe munachita ivo. Sininakuyamikenipo."

Maud anayang'ana pansi.

"Ine nilibe mwana wina, Lombe. Bamuna banga banamwalila, nyumba inali chabe zii. Tiza ndiye ananipasa chochita. Ukamutenga, nizasala na ndani?"

Lombe anali asanaganizepo kuti mkulu wake nayenso ankaopa kutsala yekha. Anatambasula dzanja patebulo, ndipo Maud analigwira.

A Cephas anawathandiza kugwirizana. Tiza apitirize kukhala ku Lilanda kuti sukulu isasokonekere. Lombe azibwera Loweruka lililonse, Maud ali pomwepo. Ndipo mwanayo auzidwe zoona, m'mawu oti angamve. "Akamvela kwa bantu ba mu njila, vizamubaba maningi," anatero a Cephas. "Amvele kwa imwe babili."

Loweruka loyamba Tiza anabisala kumbuyo kwa Maud. Maud anamukhazika pamiyendo n'kumuuza kuti mayi amene wabwerayu ndi amene anamubereka, ndipo sanali ku Ndola. Anali m'ndende.

Mwanayo anamuyang'anitsitsa Lombe. "Munachita chani?"

"Ninakalipa maningi, ninapweteka muntu," anayankha Lombe. "Ninalakwa. Boma inanipasa chilango, ndipo chasila. Manje niphunzila kusakalipa."

"Muzabwelelanso ku jele?"

"Awe. Nizabwela kuno Chibelu chilichonse." Anaona kuti mwanayo sanamve liwu la kwawolo, n'kubwereza, "Pa Satade paliponse."

Tsiku limenelo Tiza sanamuyandikire. Loweruka lachiwiri anamuonetsa kope lake la masamu ali chapatali. Loweruka lachinayi analola kuti amuluke tsitsi. Lombe sanaphonye ngakhale Loweruka limodzi, ngakhale pamene msewu wa ku Kanyama unadzaza madzi ofika m'mawondo.

Pofika nyengo yozizira, masukulu awiri ang'onoang'ono anali atayamba kumupatsa Lombe mayunifomu oti asoke. Anachoka m'kachipinda ka makala n'kupeza chipinda chouma, cha zenera, pafupi ndi kwa a Thuwaiba. Tiza anayamba kudzagona kumeneko kumapeto kwa sabata, ndipo nthawi zina Maud ankabwera naye n'kukhala mpaka madzulo. Si onse a pa pompi amene anasintha, koma amayi awiri anayamba kumubweretsera zitenje zoti awasokere.

Kumapeto kwa temu, makolo anaitanidwa kusukulu kuti akatenge zotsatira za mayeso. Maud anamuimbira Lombe kuti apitire limodzi. Mphunzitsi ataona amayi awiri ataima pambali pa mwana mmodzi, anafunsa kuti kholo ndi ndani kuti asaine.

Maud ndi Lombe anayang'anana. Tiza ndi amene anayankha.

"Bonse babili, ba ticha. Aba ni ba mami, aba ni amai banga."

Mphunzitsi anajambula mzere wachiwiri pansi pa woyamba, ndipo onse awiri anasaina.

Munthu akatuluka m'ndende, chilango chake chatha, koma mavuto ake amakhala akuyamba kumene. Ngati mwatuluka ndipo abale akukukanani, musachite zinthu mokakamiza kapena mobisa. Funsani kutchalitchi, kumzikiti, kwa akuluakulu a ndende kapena ku ofesi ya boma yoona za umoyo wa anthu, kuti akuuzeni mabungwe ongodzipereka amene ali pafupi nanu. Mabungwewa amapereka uphungu, amathandiza munthu kuyamba ntchito ya manja ake, ndipo amayanjanitsa mabanja mwamtendere. Inunso abale ndi oyandikana nawo, mantha anu ndi omveka, ndipo mungathe kukawanena kumabungwe omwewo. Koma musamusiye yekha munthu wotuluka m'ndende. Amene ali ndi womumvera ndi womuperekeza sabwerera m'ndende msanga, ndipo ana ake amapezanso kholo lawo.