Mkazi wa M'felemu

Wamabasi anali ndi matenda amodzi, ndipo ankamugwira Loweruka lililonse akaweruka. Dzinali anamupatsa anzake chifukwa ankatsuka mabasi kudziko la eni, chaka chachinayi tsopano. Kwawo ena ankaganiza kuti amawayendetsa, ndipo iye sanaone chifukwa chowatsutsira. Njira yochokera kudepoti kupita kuchipinda chake inkadutsa pakashopu kena kogulitsa zinthu zimene munthu sudziwa kuti ukuzifuna mpaka utaziona. Wanzeru akanamadutsa tsidya lina la msewu. Iye ayi. Ankalowa nsapato zili chinyowere, manja kumbuyo, n'kumayendera mashelefu ngati mwini munda.

M'menemo ndi mmene anagula kapu yotakasa yokha tiyi, kafani kovala m'khosi, tochi yomata pachipewa, ndi kena kake kodulira dzira lowiritsa m'tizidutswa tofanana, ngati kuti kwawo kunali munthu amene anadandaulapo za kadulidwe ka dzira. Zonsezi sizinali zake. Iye mwini ankamwera tiyi m'botolo la jamu. Ankangoziunjika m'chikwama pansi pa bedi, kudikira tsiku limene wina wakwawo adzakwere ndege.

Anthu okhala kunja ali ndi chinthu chimodzi chimene amapemphana mopanda manyazi: makilo. Wina akangotsetsereka pakamwa kuti akupita kumudzi, foni yake sipumanso, aliyense akufuna malo m'sutikesi. Ulendo uno wopita anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, amene ankawotcherera zitsulo mumzinda wina wakutali. Anamupatsa makilo asanu ndi awiri, n'kubwereza kawiri kuti asanu ndi awiri, osati asanu ndi atatu.

Tsono kuti katundu akwane m'makilo otere, amayamba wavulidwa. Makatoni, mapulasitiki, timabuku ta malangizo, zonse zimapita kubini, chinthu n'kutsala chokhachokha, n'kuchikulunga m'masokosi. Pantchito imeneyi Wamabasi anali katswiri, moti ena ankachita kumuitana kuti akawalongedzere. Ankanena monyada kuti iye sanyamulitsa munthu mapepala.

Mphatso ya mkazi wake inali felemu ya zithunzi, koma yamagetsi. Mwini shopu, mkulu wina wa magalasi otsetserekera pamphuno, anamulongosolera ndi manja kuti umalowetsamo kakhadi ka zithunzi, izo n'kumasinthana zokha tsiku lonse. Wamabasi anaona kale m'maganizo mwake felemuyo ili pakabati, mapasa ake akubwera n'kumapita, akubwera n'kumapita. Pakatoni panali mayi wina akumwetulira, atakumbatira ana awiri. Sanamuyang'ane kawiri. Ndani amayang'ana azimayi a pamakatoni? Anang'amba katoniyo, nakulunga felemu m'juzi ya apongozi, ndipo sikelo inaima pa asanu ndi awiri ndendende.

Mlamu anafika kumudzi Lachiwiri. Nthawi zonse katundu akafika, mkazi wake ankaimba tsiku lomwelo, akuseka mpaka kutsamwa, kufunsa kuti kachinthu aka n'kochitira chiyani, ndipo ndani anakuuzani kuti tikukafuna. Kuseka kumeneko ndi kumene Wamabasi ankagula kushopu kuja, ngakhale sakanavomera. Koma Lachiwiri linadutsa, Lachitatu linadutsanso, foni ili zii. Lachinayi, ali pakati pa mabasi awiri akudya buledi wake wa pabuleki, uthenga unalowa.

"Katundu wafika, zikomo. Ndawaona. Anawo ndi okongola, wamng'onoyo watenga mphumi yanu. Mukanangondiuza ndi pakamwa."

Anawerenga katatu, mutu osagwira. Ana ati? Anaimba, foni inalira mpaka kudzidukira. Anaimbanso, inali itathimitsidwa. Ndiye anaimbira mlamu wake, amene anayankha ndi mawu a munthu woti watuluka kaye panja kuti ena asamve.

Nkhani inali yotere. Tsiku logawa katundu banja lonse linasonkhana pabalaza: apongozi, achemwali aakulu a mkazi wake, mapasa, ngakhale aneba awiri amene anangoti akudutsa. Kapu inatakasa tiyi, anthu anaomba m'manja. Kenako analumikiza felemu kumagetsi. Inayaka, ndipo munatuluka mayi wina wa khungu lofanana ndi lathu lomweli, wamano oyera, atanyamula mwana. Chithunzi chinasintha: mayi yemweyo kukhitchini, ana awiri akunyambita supuni. Chinasinthanso: mwamuna atatembenukira uko, mwana ali pamapewa, kumutu chipewa chofiirira ngati chimene Wamabasi anachoka nacho kwawo. Apongozi analamula kuti chithimitsidwe, koma palibe anadziwa pothimitsira, poti kabuku kake kanali kubini kutsidya kwa nyanja. Anachizula kumagetsi, icho n'kupitiriza ndi batire. Mayi uja anazungulira pabalazapo mpaka anthu anabalalika okha.

Achemwali aakulu, amene sanamukondepo Wamabasi chikwatirire, anangoti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mwamuna wamantha amatumiza uthenga wake m'njira zoterezi. Mkazi wake sanalire pagulu. Anayamba kulongedza, ndipo Loweruka m'mawa anyamuka ndi mapasa kupita kwa mayi ake.

"Alamu, tonse ndife amuna," anatero mlamuyo motsitsa mawu. "Ngati ilipo nkhani, ndiuzeni ineyo, ndione poyambira."

Apa ndi pamene Wamabasi anachita mantha enieni. Ngati mlamu, munthu wodziwa mmene amakhalira anthu kunja kuno, anayi m'chipinda chimodzi, makatani olekanitsa mabedi, akutha kufunsa funso lotere, nanga mkazi amene wangokhala akumva mawu pafoni zaka zinayi? Analumbira kuti zithunzizo zinabwera ndi felemuyo, anatchula mayi wa pakatoni, anatchula shopu. Mlamu anati wamva, koma anatero ngati mmene munthu amayankhira woledzera.

Ataweruka anathamangira kubini ya kuseri kwa nyumba, ngakhale ankadziwa kuti galimoto ya zinyalala yadutsa kale kawiri. Anapezamo makoko a malalanje ndi nsapato ya munthu wina. Shopu anaipeza yotseka. Lachisanu anatsuka mabasi ake ngati wogwidwa ndi malungo, mpaka kapitawo anamubweza pa basi ina imene anaisiya ndi thovu pamawindo. Nthawi itakwana sanasinthe n'komwe ovolosi.

Pashelefu pamene panali mafelemu anapeza maambulera ovala kumutu. Anayang'ana pansi, anayang'ana pamwamba, anasuntha mabokosi a eni. Mwini shopu anabwera, namuyang'ana pamwamba pa magalasi. Chinenero cha dzikolo Wamabasi ankachidziwa chongokwanira kugula buledi ndi kupepesa kwa kapitawo, osati chofotokozera kuti banja likutha. Anajambula felemu m'malere ndi zala. Mkulu uja anagwedeza mutu, nakupiza manja: zatha, zibweranso mwina mwezi wamawa. Kenako, poti wamalonda ndi wamalonda, anamuloza maambulera aja.

Wamabasi sanasunthe. Anatulutsa foni, naonetsa chithunzi cha mkazi wake ndi mapasa. Analoza mphete yake. Anajambulanso felemu m'malere, namwetulira mano onse kunja ngati mayi wa pakatoni uja, nakumbatira ana awiri osaoneka. Kenako anavula mphete ija, naiika pakauntala. Manyazi anali atamuthera.

Mwini shopu anayang'ana mphete, anayang'ana munthu, ndipo zinamulowa. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya kasitomala wakeyo kusekako anakumeza. Anaitana mkazi wake kuchokera kuseri, mayi wamfupi wonenepa amene ankamata mitengo pazinthu. Anayankhulana mwachangu m'chinenero chawo. Mayiyo anagwira pakamwa, namenya mwamuna wake paphewa ngati kuti iye ndiye wolakwa, n'kulowa m'stolo. Munamveka kugwa kwa zinthu kwa nthawi ndithu. Anatuluka fumbi lili m'tsitsi, atanyamula mafelemu atatu amene anthu anabweza: ina yosweka galasi pakona, ina yopanda mwendo, ina yosadziwika vuto lake. Imodzi inali ndi katoni yake.

Anawaimika pakauntala, kutsamiritsa kumabotolo a sopo, n'kuwalumikiza. Yoyamba inayaka. Yachiwiri inaphethira kaye, n'kuyaka. Yachitatu nayonso. Ndipo uyo, mayi uja, katatu, mano ali mbee, atanyamula mwana yemweyo wa mphumi ija. Wamabasi sanasangalalepo chotere poona mkazi wa mwini. Anakhala pabokosi la mababu, mwini shopu n'kumudzutsapo msanga.

Anaimbira mlamu pavidiyo, kamera italoza kumafelemu. Mlamuyo atangoona anatulutsa kamluzu, ndipo chithunzi chinayamba kugwedezeka, kuonetsa denga, khomo, khonde la nyumba imene Wamabasi anamanga koma sanagonemo. Anamva mkazi wake akukana, akuti alibe choti amve. Mlamu sanatsutsane naye, anangomuikira foni pamaso. Mkaziyo anali atakhala pabedi, chikwama chotsegula pambali, mayunifolomu a mapasa ali pamiyendo.

Wamabasi anayendetsa foni pang'onopang'ono, kuchoka pafelemu yoyamba kufika yachitatu, kenako pakatoni. Zithunzi zinasintha zonse pamodzi, mwamuna wa chipewa uja n'kutulukira katatu, chitembenukire. Mayi wa shopu analowa pakati, naloza mwamuna wake, naloza mayi wa m'felemu, nagwira m'chiuno ngati wokwiya, kusonyeza kuti ngati zili choncho ndiye kuti nayenso ali ndi mkazi mnzake, atatu kumene. Kumudzi kuja wina anaphulika nako kuseka, ndipo Wamabasi anawazindikira mawuwo. Anali achemwali aakulu aja, akuuza aliyense kuti iwo ananena kale kuti mwana uja mphumi yake si ya m'banja muno.

Mtima wa Wamabasi unakhala pansi. Anayamba kulongosola zonse nthawi imodzi, za makilo, za katoni, za bini, akuseka, mawu akuthamangitsana. Koma mkazi wake sankaseka. Anatenga foni m'manja mwa mlongo wake, nauza onse kuti atuluke, ndipo anatuluka.

"Mayi ameneyo ndamuona mokwanira, bambo a mapasa. Tembenuzani foniyo."

Wamabasi anazengereza. Zaka zonsezi ankaimba ya mawu okha. Ankati netiweki, ankati anzake agona, ankati foni yake kamera yakutsogolo ndi yakufa. Zoona zake n'zakuti sankafuna kuti aone katani yolekanitsa mabedi ija, ngakhale zimene madzi ozizira ndi sopo wa mabasi anachita pathupi pake. Anachoka kwawo ali mwamuna wooneka bwino, ndipo ankafuna akhale yemweyo m'maso mwa mkazi wake mpaka tsiku lodzabwerera. Anayang'ana mayi wa shopu ngati angamuthandize. Mayiyo, ngakhale sanamve liwu limodzi, anatambasula dzanja, nadina yekha pafonipo.

Nkhope ya Wamabasi inadzaza pagalasi: masaya olowa, imvi m'mbali mwa makutu, kolala ya ovolosi yonyowa. Mkazi wake anamuyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Imvizi zinayamba liti?"

"Chaka chatha. Mwina chaka chinacho."

"Ndipo mwaonda."

"Ndi ntchito chabe, mayi a mapasa. Ndimadya."

Mkaziyo anapukuta m'maso ndi yunifolomu ya mwana imene inali pamiyendo.

"Mukudziwa chimene ndinakhulupirira? Si mayi uja ayi. Ndi mwamuna uja. Ndakhala masiku atatu ndikudikira kuti atembenuke, ndimuone ngati ndinu. Kenako ndinazindikira kuti ngakhale atatembenuka, sindikudziwanso kuti nkhope yanu ikuoneka bwanji. Ndikanasiyanitsa ndi chiyani?"

Wamabasi anaima pakati pa maambulera ovala kumutu ndi mabotolo a sopo, misozi ikutsika, ndipo sanaibise. Eni shopu anapeza mwadzidzidzi zochita kumapeto ena a shelefu.

Pagalasi anaona dzanja la mkazi wake likulowa m'chikwama chija, n'kutulutsa madiresi awiri, n'kuwaponya pabedi, kenako nsapato za ana. Anachita zimenezi osachotsa maso pa iye.

"Musadule," anatero. "Imani pomwepo, pamene pali kuwalapo. Ndikaitane ana, adzakuoneni."