Popi wa kuseri kwa chipika

Kuno ku Argyll aliyense wodzala maluwa otchedwa popi wa buluu amadziwa lamulo lake. Chaka choyamba umabudula timitu ta maluwa tisanamasule. Ukachita chisoni n'kutisiya, mbewuyo imathera mphamvu zonse pa duwa, ndipo chisanu chikafika imafa. Ukabudula, mizu imakhwima ndipo mbewu imakhala zaka zambiri. Ine popi sindidzala, ndilibe mtima wodikira.

A Lachlan Rennie, oyandikana nawo nyumba, anali munthu wosunga malamulo otere. Anadzala mbande zawo m'kankhalango ka kuseri kwa nyumba, pamthunzi pachinyontho, n'kuthirapo masamba owola. Mbewu zinagwira bwino, koma eni ake ndiwo sanali bwino. Adokotala anali atanena mosabisa kuti chilimwe cha chaka chamawa bambowa sadzachiona.

Tsiku lomwe timitu tinaoneka ndinali komweko, ndinapita kukabwereka wilibala. Ndinawapeza akukangana ndi akazi awo, a Ishbel.

"Zisiyeni zimasule, abambo," anatero a Ishbel. "Mwavutika nazo, muzione."

"Ndizione n'kuzipha? Mayi inu, zaka zonsezi m'munda muno simunaphunzirebe kanthu?"

"Ndaphunzira kuti ndinakwatiwa ndi nkhutukumve."

"Nkhutukumveyo ikapita mudzatsala ndi maluwa chaka ndi chaka. Mudzandithokoza."

A Lachlan anatsika ndi ndodo yawo mumvumbi n'kubudula okha kamutu kalikonse, akupumira pamtengo uliwonse. Kantchito kochepa kanawatengera m'mawa wonse. A Ishbel anangolowa m'nyumba kukatereka tiyi. Zinandidabwitsa, chifukwa mayi amenewa sagonja msanga.

Kumayambiriro kwa Juni a Lachlan anali atasiya kuyenda. A Ishbel anandiitana kuti ndiwathandize kukankha chikuku cha amuna awo. Njira inali yamatope ndi mizu yokhayokha, moti ndinatuluka thukuta. Tinadutsa mbewu zobudulidwa zija mpaka kumapeto kwa munda, kuseri kwa chipika cha mtengo wogwa. Kumeneko a Ishbel anali atasamutsirako mbewu imodzi timitu tisanatuluke, amuna awo ali kuchipatala. Inali ndi duwa limodzi lokha, lowerama pang'ono, la buluu ngati thambo mvula ikangokata.

A Lachlan analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaipha mbewu imeneyi," anatero.

"Ndaipha, inde," anayankha a Ishbel.

"Sifika Khirisimasi."

"Ndikudziwa."

Ndinamva chisoni, komanso mapazi anali atandizizira. Mvula inayambanso kuwaza, ndiye ndinagwira chikuku kuti tibwerere, poti munthu wodwala sayenera kunyowa.

"A Fenella, chotsani manja pamenepo," anandiuza a Lachlan osacheuka. "Inu mayi, kanditengereni magalasi anga."