Batire la Achimwene

Boti limenelo ndinalipanga ine, Zubairi, ndi manja angawa. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kuno ku Chiuta anthu ali ndi makutu koma mitu yawo ndi madengu obooka.

Ntchito yanga ndi yokonza matelefoni ndi mawailesi pa Entre Lagos, tsidya lino la nyanja ya Chiuta. Kaofisina kanga kokonzeramo zimenezi kali pafupi ndi njanji. Chaka chatha ng'ona inamudula mkono msodzi wina akuponya chingwe cha khoka m'mbali mwa bango, ine n'kuganiza kuti bwanji chingwecho chizinyamulidwa ndi boti lopanda munthu. Ndinalikhoma ndi matabwa ndi malata, kutalika kwake ngati munthu atagona. Injini ndinazula pa chopukutira galasi cha shapa yakufa, minibasi ya kuno, n'kuipatsa batire la njinga yamoto ndi switchi yakeyake. Komando yoliyendetsera uli kumtunda, kabokosi kolandira malamulo a komandoyo, ndi sevo, kainjini kamphamvu kokhotetsa chiwongolero, anandibweretsera wamalonda wina kuchokera ku Nampula. Kabokosi kaja ndi sevo ndinaziika pa mabatire anayi a tochi. Padziwe la kuseri kwa nyumba boti linkakhota bwinobwino. Miyezi isanu ndi umodzi ndinathera pamenepo.

Koma ndinene zoona, za ng'onazo zinali mbali chabe. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha anthu atchule dzina langa osawonjezerapo la achimwene.

Achimwene anga aMasudi amakhala tsidya, ku Malawi. Tonse tinathawira komweko nthawi ya nkhondo ya kuno kwathu. Nkhondo itatha, ife tikubwerera kuno, iwo anatsala kuti amalize sukulu, ine n'kusenza mtolo wa mayi mpaka kwathu. Sukulu yanga inathera panjira pomwepo. Mayi ankakonda kuuza alendo kuti, "Masudi ndiye mutu wa nyumba ino, Zubairi ndi msana." Ankanena akuseka. Ine mpaka lero sindinasekepo. Ngakhale wailesi ndikonze ine, mwiniwake amati, "Eya, magazi a aMasudi amenewa."

Mayi atamwalira, pa sadaka yawo aMasudi anabwera. Anthu atadya, ndinatulutsa boti pabwalo kuti alione. Iwo anagwada, anatsegula chivundikiro, n'kuyang'ana mawaya nthawi yaitali.

"Wagwira ntchito, mphwanga," anatero. "Koma sevo iyi ndi yaikulu. Padziwe ikhota, chifukwa madzi ndi oyera. M'nyanja udzu ukakola chiwongolero, idzakoka moto wonse wa timabatireti, kabokosika n'kugontha. Ipatse batire lakelake. Waya wakuda yekha ndiye ulumikize mbali zonse."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa batire lokulunga ndi tepi wofiira. Pamaso pa anthu! Pa sadaka ya mayi, pabwalo panga! Amuna onse anayamba kugwedeza mitu ngati akumva chilichonse cha mawaya.

"Sungani batire lanu, achimwene," ndinatero. "Boti ili si la ku Malawi."

Anandiyang'ana, n'kubweza batire m'chikwama. Ndi khalidwe lawo limenelo, amakusiya ukulire wekha.

Alendo atapita, mkazi wanga Rahma anati, "Bambo, safunsa anadya phula. Inu mwauzidwa osafunsa n'komwe, mukukananso?" Ndinamuuza kuti aziona za matemba ake.

Loweruka m'mawa ndinaitana anthu kudoko. Anabwera asodzi, amayi oyanika nsomba, ngakhale oyenda panjinga anaima. Rahma anati ndimangirire kachingwe kumbuyo kwa boti. Asa! Boti lomangirira ngati mbuzi, ndiye anthu aone chiyani? Ndinati liyambe laonetsa kukhota, chingwe cha khoka pambuyo.

Ndinatsegula switchi, n'kulikankha. Linanyamuka mokongola, wallahi. Ndinakhotetsa kumanja, linamvera. Kumanzere, linamvera. Amayi a nsomba aja analuluta. Mtima wanga unatupa, ndipo ndinamva wina akuti, "Zubairi ameneyo!" Zubairi basi, popanda chowonjezera.

Kenako ndinaliloza kubango, kumene kuli ntchito yake yeniyeni. Litangolowa paudzu wa m'madzi ndinakankha kamtengo ka komando kuti libwerere. Ndinamva sevo ikubuula chapatali, ng'ooo, kenaka zii. Ndinakankhanso. Ndinakweza komando m'mwamba, ndinaimenya pantchafu, ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno. Palibe. Kabokosi kanali katagontha, monga ananenera. Koma injini, poti inali ndi batire lake ndi switchi yake, sinaleke. Boti linadutsa m'mbali mwa bango n'kulunjika pakati panyanja.

Mabwato ambiri anali atapita kale kokawonjola maukonde. Mkulu wina anayesa kulithamangitsa, koma mphepo ya vuma inali italimba, anabwerera akupuma wefuwefu. Tonse tinangoima n'kumaliona likuchepa, likupita kumadzulo.

"Lapita kwa mwiniwake," anatero wina kumbuyo kwanga. Doko lonse linafa nacho chiseko. Sindinacheuke kuti ndione wanena ndani, chifukwa ndikanamumenya ndi komando.

Masiku anayi sindinatsegule ofisina. Ndinkapemphera kuti limire. Inde, miyezi yanga isanu ndi umodzi, ndinkafuna ithere pansi pamatope kusiyana n'kuti ikafike pagombe lina lake. Koma tsidya lija aliyense wotola chinthu cha mawaya amadziwa khomo lopita nacho, la aMasudi.

Lachitatu masana Rahma analowa m'nyumba n'kuti, "Akukuitanani kudoko. Mutenge komando."

Ndinapeza aMasudi ataima m'bwato, boti langa lili pambali pawo m'madzi, lotsukidwa bwino. Anthu anali ochuluka kuposa Loweruka.

"Asodzi analipeza litakodwa muukonde," anatero. "Sindinasinthe kanthu, mphwanga, ntchito yonse ndi yako. Ndangowonjezera batire lija ndi waya mmodzi. Tayesa."

Ndikanakana bwanji, maso onse ali pa ine? Anatsegula switchi n'kulikankha. Ndinalilozera dala pomwe udzu wathithikana kwambiri, mumtima ndikuti ligonthenso, anthu aone kuti nawonso salosera. Linalowa. Ndinakankha kamtengo. Sevo inabuula pang'ono, chiwongolero chinang'amba udzu, boti n'kutembenuka bwinobwino kubwera pamapazi panga. Ndinabwereza katatu. Katatu konse linamvera.

Komando inali m'manja mwanga, koma anthu onse anali atatembenukira kubwato. "AMasudi! Mutu umenewo!" Ena analowa m'madzi kukawagwira chanza. Iwo ankakupiza dzanja n'kumaloza ine, koma ndani ankaona?

Madzulo ake ndinatengera boti kuseri kwa nyumba, ndinatsegula chivundikiro, n'kutulutsa pulayala. Batire la tepi wofiira linali pakona, lomangidwa mwaudongo, waya wake wakuda atalumikizidwa ndendende pamene ananena. Ndinaika mano a pulayala pawayayo. Rahma anaima pakhomo ndi lichero. Ndinakumbukira msodzi wa mkono umodzi uja, amene tsiku limenelo anali atandifunsa ngati mawa boti linganyamule chingwe cha khoka la ana ake. Pulayala ndinaibweza m'thumba.

Lero boti limagwira ntchito tsiku lililonse. Batirelo ndimalitchaja ndine, udzu pachiwongolero ndimachotsa ndine. Dzulo mayi wina wogula milamba anandipeza ndikulipukuta, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Pepani bambo, inu ndi amene mumasunga boti la aMasudi? Kwathu nakonso kuli ng'ona. Kodi angatipangireko lina?"

Ndinamuuza kuti ndiwafunsa.