Masaya a Pang Shulan

Chipani cholamula chinanditumiza kumudzi wa Dongwa m'chaka cha 1959, nthawi yokolola, kuti ndikajambule chithunzi pakhoma la nkhokwe ya boma. Ndinali nditaphunzira zojambula zaka zinayi mumzinda, ndipo ndinkadzimva kuti ntchito ndimaitha.

A Dou, mlembi wa Chipani m'mudzimo, anandisankhira munthu woti ndimujambule: mayi Pang Shulan, wamasiye wa ana awiri, katswiri pa chikwakwa. Mayiyo anaima padzuwa atakumbatira mtolo wa mapira, ine nkumajambula zimene maso anga ankaona: mikono yowonda, masaya olowa, ngala zonyozoloka chifukwa mvula inadula msanga.

A Dou anafika manja ali kumbuyo.

"A Qiao, ameneyu ndi mlimi kapena mtembo? Masayawo afufumitseni."

"Koma ndi mmene alili, bwana."

"Sindinafunse mmene alili. Ndi mapirawo, mbalame ingaterepo pamenepo?"

Ndinafufuta ndi laimu nkuyambiranso. Kachiwiri anati mayiyo sakumwetulira. Kachitatu anati ngala zizifika m'mitambo, ana azikwerapo ndi makwerero. Ndinajambula.

Masana tinkadyera limodzi kukhitchini ya mudzi, phala lamadzimadzi losakaniza ndi masamba a mbatata. Tsiku lina Shulan anayang'ana khoma lija, kenaka mbale yake.

"A Qiao, mayi mwajambulayo amadya kuti? Mundilozere, ndikapemphe makombo."

Amayi anzake anaseka chogwira pakamwa. Ine ndinasowa poyang'ana.

Chithunzi chitatha kunabwera akuluakulu atatu a kuboma pa galimoto. Anaima nthawi yaitali akugwedeza mitu movomereza, nkundigwira chanza. Wamkulu wawo anatembenukira a Dou.

"Mwachita bwino. Mudzi wokolola chonchi sungapereke zofanana ndi midzi ina. Chaka chino muwonjezera ngolo makumi awiri pa mapira opereka kuboma."

A Dou anatuwa, koma anawomba m'manja, ndipo tonse tinawomba nawo.

Ngolo zinabweradi. Asilikali anasesa nkhokwe, anakumba ndi pansi pa nyumba za anthu kufuna mapira obisidwa. Anatenga ndi mbewu zomwe.

Ndinathamangira kwa a Dou.

"Auzeni akuluakulu aja kuti chithunzicho nchabodza! Ndinajambula ndine, ndikavomera."

"Ukanene kuti Chipani chinanama?" anatero motsitsa mawu. "Iwe akakutsekera, ine akandiwombera, mapira osabwerera. Tuluka."

Ndinatenga ndowa ya laimu kuti ndikafufute khomalo, koma ndinapeza aikapo mlonda wamfuti, poti tsopano chithunzicho chinali chuma cha boma. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, ndowa ili m'manja, mpaka mlondayo anandifunsa ngati ndasochera.

Patapita sabata kalata inafika: ndalandira mphoto ya cholembera, ndipo ndipite kumudzi wa Shiqiao ndikajambule china chotere. Pochoka ndinakumana ndi Shulan m'njira, akusenda makungwa a mtengo kuti akaphikire ana. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Mukupita kuti?"

"Ku Shiqiao, mayi."

Anasiya kusenda.

"Kumeneko kuli mng'ono wanga. Ali ndi khanda." Anandiyang'anitsitsa. "Mukafika mukawauze kuti dzanja lanu lathyoka."

Sindinawauze. Ndinafika Lachitatu, Lachinayi m'mawa nkuyamba kupaka laimu pakhoma lawo.