Nkhuku za Kameta za Estela

Estela anabadwira kwa Nthache, koma mbewu ya nkhuku zake inachokera ku Mozambiki. Mayi ake pothawa nkhondo anawoloka malire ndi thadzi limodzi la kameta, lopanda nthenga m'khosi. Mtendere utabwera anabwerera ku Zobue, ndipo anamwalirira komweko Estela ali m'chikuta, atangobereka kumene. Kumaliro sanapite. Chomwe anatsala nacho ndi nkhukuzo, ndipo akamaziwazira gaga ankaziitana m'Chinyungwe, monga ankachitira mayi ake.

Katemera wa nkhukuzo sankamuphonya. Komabe chaka chino, dzuwa litafika poswa mtengo, chitopa chinalowa m'khola. Nkhuku zinayamba kuwodzera, zina kupindika makosi.

Suzgo, mlangizi wa ziweto wochokera ku Rumphi, anabwera pa njinga yamoto. Anatumbula ziwiri, natumiza ziwalo kwa akatswiri mumzinda. Pamene ankabweranso ndi yankho, m'khola munali zii.

"Alangizi, ndinalakwitsa pati? Inetu ndinadonthezera iliyonse m'diso."

"Sindikuona cholakwa chanu, mayi. Kachilomboka kamasintha pang'onopang'ono pamene kakuswana. Komwe akatswiri apeza mwa nkhuku zanu n'kachibale ndi komwe anapangira katemera, koma si kamodzimodzi. Katemera amathandizabe, musamusiye. Kungoti akuona ngati m'pofunika wina wogwirizana ndi ka kunoka. Mwinanso botolo linatenthedwa m'njira, sitikudziwa."

"Ndiye adzapanga liti?"

Suzgo anayankha kuti sakudziwa. Kenako anati angathe kumupezera anapiye a mtundu wa mikolongwe.

"Zikomo, koma sizingandimve ndikamaziitana," anatero Estela.

Loweruka lake anakwera njinga ya kabaza mpaka pa malire, atanyamula katoni yoboolaboola. Ankaganiza kuti mwina pakhomo pakale pa mayi ake patsala mbewu ija. Anafunsa m'misika ya ku Zobue mpaka anapapeza. Pankakhala anthu ena, ndipo chitopa chinali chitasesanso konko.

Mwini khomoyo, mayi Sonia, atamva dzina la malemuwo anasiya kuchapa.

"Ndinu mwana wawo wa ku Malawi uja? Tinali oyandikana nawo, ankakutchulani masiku onse. Tiyeni."

Anamutengera kuseri kwa chitunda, pamanda a malemuwo omera tsekera. Estela anaika katoni pansi, nabwereka khasu. Analambula mpaka zikhatho zinatuluka matuza, akuwauza mayi ake mayina a zidzukulu zawo mmodzimmodzi.