Kabokosi Kachiwiri

Lachinayi linali tsiku lochapa. Mayi a Nunu anateleka madzi, anaviika matewera, anakolopa pabalaza, anasita malaya a amuna awo, anadyetsa mwana, anakagula sopo ndi makala. Pomwe ankayanika chovala chomaliza n'kuti kutatsala ntchito imodzi yokha: fomu imene inatsamiridwa ndi botolo la shuga chiyambire Lolemba.

Inali ya inshuwalansi ya kubwalo la gofu. Bambo a Nunu ankagulitsa matayala a galimoto, ndipo abwana awo anati makasitomala a ndalama safika kushopu, amapezeka kugofu. Anawabwereka chikwama cha ndodo zawo zakale, khumi ndi zinayi, n'kuwalembetsa m'gulu la ophunzira. Koma za mapepala m'nyumbamo zinali za mayi a Nunu. Sukulu anaisiyira panjira ali ndi pakati, komabe pepala ankaliwerenga mpaka timalemba ta m'munsi.

Pafomupo panali timabokosi tiwiri, kalikonse ndi mtengo wake pamwezi. Koyamba: ndodo zikabedwa kapena kuthyoka, kampani ilipira. Kachiwiri: mpira wako ukavulaza munthu kapena kuswa katundu wa mwini, kampani ilipira.

"Chongani tonse tiwiri," anatero bambo a Nunu ataweruka, akuvula nsapato. "Aphunzitsi a gofu atero."

"Aphunzitsi anuwo ndiye azigula mkaka? Ndodo ndi za abwana, zikasowa ntchito yatha, izo ndamva. Koma kuvulaza munthu, inuyo? Dzulo ndinakuonani kuseri kwa nyumba. Munamenya kasanu, munakumba dzenje loti n'kudzalamo nthochi, kampira kali phee kukuyang'anani."

Bambo a Nunu anaseka mpaka kutsokomola. "Mudzaona tsiku lina."

"Tsikulo likadzafika tidzachonga."

Anachonga koyamba kokha. Ndalama ya kachiwiri anaiponya m'chitini cha mkaka, mmene ankasunga zoti adzabwererere kusukulu Nunu akayamba kuyenda. Ndodozo ankazisamala ngati mbale za alendo. Loweruka lililonse ankazipukuta imodziimodzi, kuziwerenga, n'kuziimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Loweruka lachitatu bambo a Nunu anabwera dzuwa lili paliwombo, osagogoda, osapereka moni. Anatula chikwama n'kukhala pakhonde. Mayi a Nunu anapukuta manja, n'kuwerenga ndodo.

"Zonse zilipo. Nanga nkhope imeneyo?"

"Lero mpira uja ndaumenya."

"Ndiye?"

"Unapita, mayi a Nunu. Unapita kutali, koma unakhotera kumanja. Kuseri kwa mitengo kunali mayi wina, mmodzi mwa aganyu opalira maluwa aja. Ndinakuwa monga anatiphunzitsira. Iwo anadzutsa mutu kuti aone akukuwa ndani."

Unawapeza padiso lamanzere.

Lolemba mayi a Nunu anabereka mwana kumbuyo, ulendo wa kuofesi ya kubwaloko. Kalaliki anatulutsa fomu ija mufayilo, n'kuloza ndi cholembera.

"Munachonga kamodzi, mayi."

"Sindingachonge lero, ndilipire ndi za m'mbuyo zomwe?"

"Za lero zimayambira lero. Ndodo zili bwino?"

"Zili bwino."

"Ndiye palibe chomwe kampani ingalipire." Anatseka fayilo pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa mwana. Anawonjezera kuti wovulalayo ndi waganyu, osati wolembedwa ntchito, choncho nkhani yake ili m'manja mwa amene anamenya mpira.

Kuchipatala mayi a Nunu anawapeza mayi ovulalawo pabedi la pakona, bandeji itazungulira mutu, manja okhakhala ali pachifuwa. Msinkhu wawo unali wa amayi owabereka mayi a Nunu.

"Ndiwe mkazi wa bambo aja? Khala apa, mwana wanga. Amuna ako ali ndi dzanja. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pabwalo paja, ophunzira onse amangolima."

Mayi a Nunu anakhala m'mphepete mwa bedi. Namwino anali atawauza kale pakhomo kuti disolo lingapulumuke ngati opaleshoni itachitika sabata yomweyo, kwa dokotala wa maso wolipira. Pamzere waulere panali anthu odikira miyezi.

"Amayi," anatero mayi a Nunu, "si iwo analakwa. Ndine."

"Iwe unaliko kubwalo?"

"Ayi. Panali pepala, ndiye ine..."

"Za mapepala ine sindizidziwa. Tamasula mwanayo ndimuone ndi diso latsalali."

Anamasula Nunu. Mwanayo anatambasula dzanja kufuna bandeji, mayiwo n'kumugwira kadzanjako, kumuseweretsa.

Atafika kunyumba mayi a Nunu anakhuthula chitini pamphasa. Sizinafike ndi theka lomwe la mtengo wa opaleshoni. Anagulitsa wailesi yakanema tsiku lomwelo, mawa lake kabati. Abwana anavomera kupereka malipiro a m'tsogolo, koma anati mpaka akauntanti abwere kutchuthi. Alamu awo analonjeza Lachisanu, n'kubweretsa Lachisanu linalo. Masiku onsewo bambo a Nunu sanatchulepo za kabokosi kaja ngakhale kamodzi. Mayi a Nunu ankalakalaka atawakalipira, mwina mtima ukanapepukako. Bambowo ankangodya, kuthokoza, n'kupita kuntchito.

Ndalama zinakwana patatha masabata atatu. Dokotala anachita opaleshoni, koma potuluka anavula magalasi ake n'kunena kuti ululu utha, kuona ndiye ayi. Akanabwera msanga.

Mayi a Nunu sanalire pamaso pa anthu. Anaperekeza mayiwo mpaka pa basi, atawagwira mkono wa kumanzere poti mbali imeneyo sankaona masitepe. Kenako anabwerera kunyumba kukaanula zovala, mvula inali pafupi.

Zonse zinatha motere. Chitini cha sukulu chinatha chonse, ndalama za chaka ndi miyezi iwiri. Wailesi yakanema ndi kabati zinapita. Malipiro a bambo a Nunu anadulidwa theka kwa miyezi isanu, ndipo gofu anasiya. Mayi opalira maluwa anataya diso lamanzere, ndi ganyu yomwe, chifukwa sankafunanso kuwerama pamalo pouluka mipira. Ndodo zinabwerera kwa abwana zonse khumi ndi zinayi, zopukutidwa bwino, popanda yothyoka. Kabokosi kachiwiri kaja mtengo wake unali wa sopo muwiri pamwezi.